Duwa la Tennyson silinafote, musaliyikire maliro

Pali chizolowezi china pa nkhani yomasulira ndakatulo chomwe chimanditopetsa, ndipo chili ponseponse kuyambira kwa mwana wa fomu 3 mpaka kwa akuluakulu omwe amawalembera manotsi anawo. Munthu akangoona kuti mu ndakatulo muli duwa, basi, asanafike n'komwe ku ndime yomaliza wayamba kale kulemba kuti mlakatuli akutiphunzitsa kuti moyo ndi waufupi, tonse tidzafota ngati duwa. Lamera, laphuka, lafota, amen, tiyimbe nyimbo yotsekera. Duwa lililonse kwa ife ndi la nkhata ya pamanda.

Komwe zimachokera tikukudziwa ndipo sindingamude munthu. Takulira pamaliro pomwe abusa amatsegula Masalimo 103 n'kutiuza kuti masiku a munthu ali ngati udzu, amaphuka ngati duwa lakuthengo, mphepo ikawomba lapita. Yesaya 40 akunena zomwezo, Yobu 14 zomwezo, ndiye khutu linazolowera. Komanso alakatuli ambiri anayendadi njira imeneyi, mwachitsanzo Robert Herrick wa ku England, mu buku lake la 1648, ali ndi ndakatulo yolira maluwa a daffodil kuti akufota msanga dzuwa lisanafike n'komwe pamutu, kenako n'kunena kuti ifenso anthu ndi chimodzimodzi. Pamenepo ukalemba kuti moyo ndi waufupi wakhoza, tenga malikisi ako. Vuto ndi loti yankho lomweli timalinyamula n'kukaliika pa ndakatulo yomwe ilibe maliro aliwonse, ndipo chitsanzo chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kandakatulo kakafupi ka mlakatuli wina wa ku England, Alfred Tennyson, kotchedwa "The Flower", komwe kanatuluka mu 1864.

Kali ndi ndime 6 zokha, iliyonse mizere 4, ndipo nkhani yake ili chonchi. Woyankhula akuti tsiku lina labwino anaponya mbewu pansi, panamera duwa, anthu n'kuti aaa uwu ndi udzu. Anthuwo sanangonena n'kudutsa ayi, ankayendayenda m'munda mwake momwemo uku akung'ung'udza, kutukwana duwalo ndi mwini wake yemwe. Duwa lija linakula, kutalika mpaka kuvala chisoti chowala pamutu. Kenako akuba analumpha mpanda usiku n'kuba mbewu, n'kukaifesa kutali konse, tawuni iliyonse, mpaka anthu onse anayamba kufuula kuti koma duwa ili ndiye lokongola bwanji. Apa woyankhula akutembenukira kwa ife n'kutiuza kuti werengani kanthano kangaka, n'kosavuta, ngakhale wothamanga atha kuwerenga, pano pafupifupi aliyense atha kudzala duwali poti mbewu ili ndi aliyense. Ena mwa maluwawo ndi okongolako ndithu, ena ndi omvetsa chisoni, ndipo tsopano anthu ayambanso kulitchula kuti udzu. Yathera pomwepo.

Tsopano ndifunseni, kapena ndikufunseni inu, ndi mzere uti pamenepa duwa likufota? Palibe. Palibe dzuwa lolitentha, palibe mphepo, palibe tsamba logwa. Duwa la Tennyson kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza likungokula ndi kuchulukana, pomwe ndakatulo ikutha lili moyo kuposa kale, lili m'tawuni iliyonse. Chomwe chikubadwa, kukula ndi kufa mu ndakatuloyi ndi mawu a anthu. Udzu, kenako lokongola, kenako udzu. Ndiye amene walemba kuti phunziro lake ndi kufupika kwa moyo sanawerenge, wangomva kuti kuli duwa, paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ena amati koma kutchuka nakonso kumafa, ndiye ndi imfa yomweyo basi, tangosintha womwalira. Ayi, sizofanana. Mu ndakatulo ngati ya Herrick ija wopha ndi nthawi, ndipo nthawi sungaikwiyire, umangogwira tsaya n'kuvomereza. Kwa Tennyson olakwa ali ndi miyendo ndi pakamwa, analowa m'munda, anatukwana, analumpha mpanda. Ndakatulo yoyamba imakusiya ndi chisoni, yachiwiriyi imakusiya ndi kamkwiyo kosakanikirana ndi kuseka, ndipo ukamva mmene mizere yake ikudumphira mwachangu ngati nyimbo ya ana ukhoza kudziwa kuti munthu uyu sakulira, akunyoza mwaulemu. Mwana yemwe wamva kusiyana kumeneku wamvetsa ndakatulo, ngakhale chizungu chake chikhale chothyokathyoka.

Yankho lachiwiri lomwe timalikonda kwathu kuno ndi nsanje. Eee, iyi ndiye timaidziwa bwino mpaka tinaiyika mu nyimbo ya fuko pamodzi ndi njala ndi nthenda, ndiye chilichonse chomwe anthu achitira munthu choipa timathamangira kuti ndi nsanje. Koma taonani bwinobwino. Pa ndime yoyamba anthu aja achitira nsanje chani? Iwo sakuona chilichonse chosiririka, m'maso mwawo ndi tchire lomwe lamera pamalo olakwika. Wansanje amadziwa kuti chinthu ndi chabwino, n'chifukwa chake chimamuwawa. Awa sakudziwa n'komwe, angoona chachilendo chomwe sichikufanana ndi maluwa omwe anazolowera ndipo chachilendo chimakwiyitsa. Pa ndime yomaliza nawonso si ansanje, mbewu ali nayo kale pakhomo, angotopa nalo. Omwe analizindikira duwali kuti ndi lamtengo wapatali mu ndakatulo yonseyi, kupatula mwini wake, ndi akuba okha. Zoseketsa koma ndi zoona, wakuba salumpha mpanda usiku kukaba udzu.

Ndipo apa ndi pomwe kandakatuloka kamandikomera, chifukwa dongosolo la zochitika ndi lomwe lanyamula nkhani yonse. Duwa linavala chisoti chowala mu ndime yachitatu, koma palibe yemwe anaombera m'manja pamenepo. Kukongola kunalipo kale, kuseri kwa mpanda, anthu ali chete. Kutamanda kukubwera mu ndime yachinayi, mbewu itabedwa n'kufesedwa paliponse. Ndiye kuti anthu sanalikonde chifukwa analiyang'anitsitsa n'kuona ubwino wake, analikonda chifukwa linali paliponse ndipo aliyense ankati ndi labwino. Kenako chinthu chomwecho chomwe chinalitchukitsa, kuchuluka, ndi chomwe chikulibwezera ku dzina la udzu. Palibe nthawi ngakhale imodzi mu ndime 6 zonsezi pomwe gulu la anthu likuweruza duwa poyang'ana duwalo. Koyamba akuweruza poona kuti ndi lachilendo, kachiwiri poona kuti latchuka, kachitatu poona kuti lakwana paliponse.

Amene anakhalako ku Liwonde kapena anawoloka Shire kumunsi uko akudziwa namasupuni. Mukamuzula m'madzi n'kumuyang'ana pafupi mupeza kuti ndi chomera chokongola zedi, masamba ake obiriwira onyezimira ngati apakidwa mafuta, tsinde la tsamba lotupa ngati kabaluni lomwe limamuyandamitsa, ndiye maluwa ake a mtundu wa pepo wotuwirako atasanjikizana pa phesi limodzi, tsamba lapamwamba la duwa lililonse lili ndi kadontho kachikasu pakati. Kwawo ndi ku South America, dera la mtsinje wa Amazon, ndipo anthu ndi omwe anamufalitsa m'mayiko ena m'zaka za m'ma 1800 chifukwa cha kukongola komweku, kukadzala m'timadamu ta pakhomo kuti alendo azisirira. Lero funsani msodzi yemwe bwato lake lakanirira, kapena ogwira ntchito ku Nkula komwe zinyalala za m'madzi zimatseka polowera madzi a magetsi, ngati amaona duwa. Ku nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1990 anatseka magombe mpaka mabwato kulephera kutuluka ku Kisumu. Chomera n'chomwecho, kadontho kachikasu kalipobe, chasintha ndi kuchuluka basi.

Koma namasupuni yemweyu akutikakamiza kufunsa funso lomwe manotsi ambiri safunsa, loti kodi anthu a mu ndime yomaliza aja akulakwitsa kwenikweni? Msodzi wa ku Shire sakulakwitsa. Chinthu chokongola chikadzadza malo onse mpaka china chilichonse kusowa pomera, kuchitchula udzu si umbuli, ndi kunena zoona. Ndipo Tennyson mwini wake, kumuyamikira pamenepa, sanabise, wavomereza mu ndime yomaliza kuti maluwa ena mwa ofesedwawo ndi osaoneka bwino m'pang'ono pomwe. Ndiye munthu yemwe sanaonepo duwa loyamba lija, yemwe wangoona la m'mbali mwa msewu lonyentchera, akati udzu tingamutsutse bwanji. Kuyipa kwake n'koti chiweruzo chake chikugwera onse, lonyentchera ndi loyamba lomwe. Taonaninso kusiyana kwa poyamba ndi pomaliza, poyamba anthu anabwera m'munda, anatukwana inde koma anabwera. Pomaliza ndakatulo sikutchulanso munthu aliyense wolowa m'munda muja. Akuweruza ali kutali, poona makope.

Izi aliyense yemwe amatsatira zoyimba kapena ndakatulo za pa wailesi akuzidziwa. Wina amabwera ndi kalankhulidwe kake kakekake, anthu n'kumati izi ndiye ziti, patapita kanthawi ana onse akulakatula ndi mawu omwewo, kupuma pomwepo, nthabwala zomwezo, ndiye tikatopa timati sitayilo imeneyi ndi yachibwana ndipo woyambitsa uja timamuponyera m'dzala limodzi ndi omukopera.

N'chifukwa chake anthu ambiri kuyambira kale amati Tennyson ankanena za iye mwini, ndipo mbiri yake ikugwirizana nazo mochititsa mantha. Anabadwa mu 1809 ku Somersby m'dera la Lincolnshire. Buku lake la ndakatulo lomwe linatuluka kumapeto kwa 1832 linalandiridwa ndi chipongwe, makamaka John Wilson Croker mu magazini ya Quarterly Review mu 1833 anamuseka koopsa, Croker yemweyu ndi amene zaka 15 m'mbuyomo anang'amba mlakatuli wina, John Keats. Chaka chomwecho cha 1833 mnzake wapamtima Arthur Hallam anamwalira mwadzidzidzi ku Vienna. Tennyson anakhala pafupifupi zaka 10 osatulutsa buku, mpaka 1842. Kenako zinatembenuka, mu 1850 anatulutsa In Memoriam, ndakatulo yaitali yolira Hallam uja, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala mlakatuli wa ufumu kulowa m'malo mwa William Wordsworth. Pofika 1864 anali munthu wotchuka moti buku lake lotchedwa Enoch Arden, momwe muli kandakatulo kathuka, linagulidwa makope 17,000 tsiku loyamba lokha, ndipo alendo ankachita kukasuzumira kunyumba kwake ku Farringford pa chilumba cha Isle of Wight kuti angomuona. Olemba motsanzira iye anali mbwee. Ndiye munthu wotere akalemba za mbewu yomwe inatukwanidwa, kubedwa, kutamandidwa kenako kunyozedwanso, mukuti tiganize za ndani?

Iye anakana. Anati ndakatuloyi sikunena za ndakatulo zake, ndi nthano yokhudza aliyense. Ine ndimamukhulupirira theka. Ndi zoona kuti nthanoyi imakwana paliponse, kwa woyambitsa mpingo, woyambitsa bizinesi, woyambitsa kavalidwe, ndipo ikanakhala yongodandaula za Croker bwenzi itaiwalika kalekale. Koma mlakatuli akakuuza tanthauzo la ndakatulo yake si ndiye kuti mlandu watha, naye ndi mboni imodzi chabe, ndipo ndi mboni yomwe ili ndi chifukwa chobisira, chifukwa kuvomera kukanakhala kunena poyera kuti ine ndine duwa lovala chisoti chowala ndipo anzanga onse olemba ndi akuba. Munthu waulemu wake sanganene zimenezo pagulu ngakhale akuziganiza. Ngakhale kamzere kaja koti wothamanga atha kuwerenga, komwe kakuchokera ku Habakuku 2:2, kali ndi kamatama kake, mneneri ndi amene anauzidwa kulemba masomphenya momveka chonchi. Munthu akakuuza kuti nkhani yanga ndi yosavuta kumva, chenjera, pali pomwe sakufuna uyang'ane.

Pena anthu amati ndakatulo ilibe tanthauzo limodzi, aliyense amve mmene wamvera, ndiye ngati wina wamva za imfa musiyeni. Ndikuvomera kuti matanthauzo ndi ambiri, pano tapeza kale angapo, kusakhazikika kwa maganizo a gulu, kuwawa kokhala woyamba, kutsika mtengo kwa chinthu chikachuluka, funso loti mbewu ndi ya ndani ikangotuluka m'munda. Onsewa ndingakulozereni mzere womwe akuchokera. Koma ufulu womasulira si ufulu wopeka. Ukanena kuti duwa lafa uyenera kundionetsa mtembo. Aphunzitsi akanamafunsa funso limodzi lokhali, loti ndionetse mzere, theka la mayankho oloweza omwe ana amapita nawo ku mayeso a MANEB akanagwa okha, ndipo si vuto la ana, iwo amapatsidwa mndandanda wa mfundo zazikulu kuti aloweze, chikondi, imfa, chilengedwe, umphawi, ndiye akakumana ndi ndakatulo yachilendo amangosankhapo yomwe yayandikira.

Ngakhale kuitcha ndakatulo ya chilengedwe ndimakayika nako. Tennyson ankadziwa zomera, munthu uyu ankatha kufotokoza tsamba mpaka kuliona, koma apa sanatiuze ngakhale mtundu wa duwali, kaya ndi lofiira kaya loyera, fungo lake, dzina lake, palibe. Anachita dala. Akanangoti ndi rozi tonse tikanakhala mbali yake nthawi yomweyo n'kumati anthu aja ndi zitsiru, ndani angatche rozi udzu. Posatiuza watisiya tilibe umboni wina kupatula mawu ake, kuti linali duwa tikumva kwa mwini munda basi. Ndipo mwini munda aliyense amati chake ndi duwa.

Apa ndi pomwe ndimasiyana naye Tennyson, ngakhale ndakatuloyi ndimaikonda. Anthu mu nthano yake ali ndi pakamwa pamodzi, onse amatukwana limodzi, onse amatamanda limodzi, onse amatopa limodzi, ngati mbuzi zolowera kumodzi. Kunja kuno sizikhala choncho. Omwe amakana chinthu chikamayamba ndi omwe amatopa nacho pambuyo pake kawirikawiri ndi anthu osiyana, mibadwo yosiyana, ndi zifukwa zosiyananso. Croker mu 1833 ankaseka mnyamata yemwe ankamuona ngati wokometsera mawu mopitirira muyezo. Omwe anadzamutembenukira pambuyo pake, monga mlakatuli Alfred Austin chakumapeto kwa zaka za m'ma 1860, ankalimbana ndi nkhalamba yotchuka yomwe ankaiona kuti mbiri yake yaposa ntchito yake, ndipo mu 1944, Tennyson atamwalira kalekale mu 1892, mlakatuli W. H. Auden anamuyamikira kuti anali ndi khutu lakuthwa mwina kuposa alakatuli onse achingerezi koma n'kuwonjezera kuti analinso wopusa kuposa onse. Awa si anthu amodzi osinthasintha maganizo, ndi mikangano itatu yosiyana. Kuwaphatikiza onse n'kuwatcha "anthu" n'kosangalatsa kwa yemwe watukwanidwa chifukwa kumamupulumutsa ku ntchito yomvetsera kuti wina aliyense akuti chani.

Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe nthanoyi yadumpha mwakachetechete pakati pa ndime yachiwiri ndi yachitatu. Akuti anthu anatukwana, kenako duwa linakula n'kuvala chisoti, ngati linangokula lokha mwini wake atakhala pakhonde. Koma zaka zija Tennyson anali chete sanangokhala. Anatenga ndakatulo za mu buku la 1832 lija, zomwe zinasekedwa zija, n'kuzikonzanso kwambiri, zina kuzitaya osazibwezeranso, zina monga "The Lady of Shalott" ndi "Oenone" kuzilembanso mizere yambirimbiri, mathero a "The Lady of Shalott" anasinthiratu, ndipo mwa malo omwe anakonza munali ena omwe omunyoza aja analoza. Zomwe anthu anadzazitamanda mu 1842 sizinali ndendende zomwe anaziseka mu 1833. Ndiye kuti otukwana aja, ndi mwano wawo wonse, pena anali kuloza nthambi yomwe inkafunikadi kudulidwa, ndipo mwini munda anamva, anakwiya, usiku n'kukatenga chikwanje n'kudula. Mu ndakatulo chikwanje chimenechi sanachitchule.